Oyendera Njanji ndi Osamala Kompyuta: Phunziro la ku Chiromo

Pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, m'boma la Nsanje, pali malo otchedwa Chiromo. Kale malo ameneŵa ndiwo anali khomo la dziko lino. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakocheza pamenepo, ndipo m'chaka cha 1891 positi ofesi yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa pomwepo. M'chaka cha 1908 njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano kumatchedwa Nsanje, inafika ku Blantyre kudzera pa mlatho wa Chiromo, mtunda wa mamailosi 113.

Mabuku a mbiri amatchula amene anamanga njanjiyo, koma satchula anthu amene ankaisamala. Aŵa anali oyendera njanji, amuna amene ankalaŵirira m'mamaŵa ndi kapitao wawo, sipanala ndi nyundo zili pa phewa. Ankalimbitsa mabauti, kulambula thengo ndi kufukula ngalande zimene mvula inakwirira. Ntchito yawo inalibe woitama, chifukwa ikagwirika bwino panalibe nkhani yoti munthu n'kukamba. Sitima inkangodutsa.

Masiku ano ntchito ya mtundu womwewo ili pa tebulo la kalaliki, la mphunzitsi wamkulu ndi la mwini golosale. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu, monga Windows kapena Linux, imene imanyamula mapulogalamu ena onse monga momwe njanji imanyamulira sitima. Nayonso imafuna woiyendera. Ntchito zoisamalira zilipo zinayi, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake.

Yoyamba ndiyo kuyendera disiki, nkhokwe imene kompyuta imasungamo zolembedwa. Pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya munthu payekha m'chaka cha 1981, pulogalamu yake yaikulu, ya DOS, inali kale ndi chida chotchedwa CHKDSK, chofufuza ngati kaundula wa mafayilo ali bwino. Chidachi chikadalipo mu Windows mpaka lero. Kufunika kwake kumaoneka magetsi akazima mwadzidzidzi, pakuti kompyuta imene yazima ili m'kati molemba imasiya fayilo ili theka. Anthu a m'dziko muno anazoloŵera kuzima kotereku, makamaka namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, mu January 2022. Dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kufikira chaka cha 2023.

Yachiŵiri ndiyo kusesa. Disiki yakale inkamwaza zidutswa za fayilo imodzi malo osiyanasiyana, ngati chimanga cha munda umodzi chosungidwa m'nkhokwe khumi, motero kompyuta inkachedwa pozitolera. M'chaka cha 1993 kampani ya Microsoft inaika mu MS-DOS 6 chida chotchedwa DEFRAG, chosonkhanitsa zidutswazo pamodzi, ndipo Windows 98 inadza ndi Disk Cleanup, chochotsa mafayilo otha ntchito. Makompyuta a masiku ano amasanja disiki okha, ndipo disiki za mtundu wa SSD sizifuna kusanjidwa kwachikale kuja. Chimene chatsalira mwini ndicho kuchotsa mapulogalamu amene sawagwiritsa ntchito ndi kuona kuti disiki isadzaze, chifukwa yodzaza imalepheretsa ngakhale ntchito yachitatu.

Ntchito yachitatuyo ndiyo kumata ming'alu. Pulogalamu yaikulu imalembedwa ndi anthu, choncho siloŵa m'dziko yopanda zolakwika, ndipo akathyali amafunafuna zolakwikazo kuti aloŵerepo. M'chaka cha 1986 anyamata aŵiri apachibale a ku Lahore, m'dziko la Pakistan, analemba vairasi yotchedwa Brain, imene inkafalikira kudzera pa madisiki opatsirana pamanja, monga momwe mavairasi ena anadzafalikira pa mafulashi m'maofesi a kuno. Pofuna kutseka mipata yotere, opanga mapulogalamu amatumiza zigamba pa intaneti. Kuyambira mu October 2003, Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiŵiri lachiŵiri la mwezi uliwonse.

Zotsatira za kunyozera zigambazi zinaoneka pa 12 May 2017. Tsiku limenelo vairasi ya WannaCry inayamba kutsekera mafayilo a anthu ndi kulamula dipo, ndipo inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala. Komatu chigamba chotseka mng'alu umene vairasiyo inadzera chinali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho. Amene anavutika kwambiri ndi amene anati adzachiika maŵa. Bauti linali lomasuka kwa miyezi iŵiri, sipanala ili pomwepo.

Pali chifukwa chake anthu kuno amazengereza. Zigamba zimadya bandulo, ndipo bandulo ndi ndalama. Ndiponso makompyuta ambiri amafika m'dziko muno atagwirapo kale ntchito kwina, ena ali ndi pulogalamu yaikulu imene eni ake anasiya kuisamala. Microsoft inathetsa chisamaliro cha nthaŵi zonse cha Windows XP mu April 2014, cha Windows 7 mu January 2020, ndi cha Windows 10 mu October 2025. Kompyuta yotere imayaka ndithu, koma ili ngati njanji imene oyendera anachotsedwapo. Mwini wake ayenera kuikamo pulogalamu yatsopano, kapena yaulere ya Linux, kapena kuipatula ku intaneti.

Ntchito yachinayi imamveka bwino munthu akabwerera ku Chiromo. M'chaka cha 1948 madzi osefukira anakokolola mlatho wa pa Shire. Palibe woyendera njanji amene akanaletsa zimenezo, ngakhale akanalimbitsa mabauti onse. Chimene chinakulitsa vuto n'chakuti dziko linali ndi njanji imodzi yokha yopita ku nyanja. Chaka chotsatira, cha 1949, kunagwa njala yaikulu m'chigaŵo cha kumwera, ndipo chakudya chochokera kunja chinkachedwa pa Chiromo podikira kuolotsedwa pamadzi. Mlatho watsopano unatha m'chaka cha 1950, koma njira yachiŵiri, ya ku Nacala, inatsegulidwa mu 1970. Pamene madzi anadulanso njanji pafupi ndi Chiromo m'chaka cha 1997, sitima sizinadutsepo kwa zaka zoposa 20, ndipo njanji ya ku Nacala ndiyo inatsala.

Pa kompyuta njira yachiŵiri ndiyo kukopera mafayilo ofunika ndi kuwasunga kwina. Akatswiri amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iŵiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi kompyutayo. Fulashi imene ili m'kabati ya ofesi yomweyo siithandiza madzi akaloŵa m'nyumba, monga anachitira m'chigwa cha Shire mu January 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Kope liyeneranso kutsegulidwa nthaŵi ndi nthaŵi, kuona ngati likuŵerengeka. Kompyuta itatayika, ina ingagulidwe. Koma kaundula wa ana a sukulu, malikisi a mayeso, maina a alimi a m'kalabu ndi buku la ngongole, zimenezi sizigulitsidwa m'sitolo iliyonse. Madzi akatayika saoleka.

Kuwonjezera pa zinayizi, chigwa cha Shire chili ndi adani akeake a makina. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi limatseka mazenera amene kompyuta imapumira. Yotentha kwambiri imachedwa, mwinanso kuzima yokha. Kuipukuta, kuiika pa malo opita mphepo ndi kuizima mwa dongosolo lake ndi mbali ya chisamaliro chomwecho.

Oyendera njanji sankadikira sitima kugwa kuti atuluke. Anali ndi tsiku ndi chigaŵo chawo. Mwini kompyuta nayenso asankhe tsiku: kukopera mafayilo sabata iliyonse, kuika zigamba ndi kusesa mwezi uliwonse, ndi kuyendera disiki magetsi akazima molakwika. Kompyuta imene sinavutepo si umboni wakuti ili bwino. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, ndipo anthu a ku Chiromo tanthauzo la mau ameneŵa amalidziŵa.