Mbiri ya mayina a mapoti: chifukwa chake kompyuta inasiya kutchula zingwe mwachisawawa

Munthu wa ku Ntcheu akamalemba fomu ya boma satchula dzina lake lokha. Amalemba mudzi, kenako mfumu yaikulu, kaya ndi Kwataine, Njolomole kapena Ganya, pomaliza boma lake. Dongosolo limeneli linalowa m'mabuku a boma ndi malamulo a atsamunda a 1912 ndi 1933, ndipo ubwino wake ngwakuti anthu awiri a dzina limodzi sasokonezeka, poti aliyense amadziwika ndi kumene akuchokera. Akatswiri a makompyuta zinawatengera zaka zoposa makumi awiri kuti afike pa nzeru yomweyi pa nkhani ya mapoti, timabowo tija timene timalowetsamo zingwe za netiweki kuseri kwa seva kapena rauta. Mbiri yawo ikusonyeza kuti poti iyenera kudziwika ndi malo ake, osati ndi nthawi imene yaonekera, ndipo dziko longa lathu ndilo likufunika kwambiri kumvetsa zimenezi.

Linus Torvalds atayambitsa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mu 1991, makompyuta ambiri ankakhala ndi kadi imodzi ya netiweki kapena analibe n'komwe, choncho kutchula kunali kosavuta. Dalaiva, kapulogalamu kamene kamalankhula ndi kadiyo m'malo mwa kompyuta, akaipeza ankaitcha eth0, ndipo yotsatira inkakhala eth1. Vuto linayamba pamene kadi imodzi inayamba kubwera ndi mapoti awiri kapena anayi. Njira ya PCI, imene kampani ya Intel inatulutsa mu 1992, imalola chipangizo chimodzi kukhala ndi zigawo mpaka zisanu ndi zitatu, ndipo opanga makadi ambiri ankapatsa poti iliyonse chigawo chake. Koma dzina linkapitabe kwa amene wayamba kudzuka. Makina akazima n'kuyakanso, madalaiva ankatha kusinthana liwiro, poti imene dzulo inali eth0 lero n'kukhala eth1. Zikatero, malamulo otchinga akunja ankagwera pa chingwe cha m'kati mwa ofesi, pamene chingwe chopita ku intaneti chinkatsala pululu.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu December 2003 ndi Linux 2.6, imene inayamba kuona zipangizo zonse ngati mtengo wa makolo ndi ana: njira ya PCI pamwamba, kadi pansi pake, kenako chigawo, pomaliza poti. Mtengowu unayamba kuoneka mu foda yotchedwa sys, momwe aliyense angalowe n'kuona kuti poti yakuti kholo lake ndi liti. Komabe mayina sanatsatire msanga. Poyamba pulogalamu ya udev inkamangirira dzina pa nambala ya MAC, imene kadi iliyonse imabadwa nayo, koma kadi ikapsa n'kuikapo ina, dzina linkasochera. Kampani ya Dell inayesa mayina onga em1 ndi p1p1. Mu January 2013 pulogalamu ya systemd 197 inabweretsa mayina amene ambiri akuwaona lero, monga enp3s0f1. Dzinali limawerengeka ngati adiresi: en ndi Ethernet, p3 ndi njira ya PCI nambala 3, s0 ndi malo a kadi pa njirayo, ndipo f1 ndi chigawo chachiwiri, poti kuwerenga kumayambira pa ziro. Linux ya Red Hat inatenga njirayi mu 2014, ya Debian mu 2017. Panatsala makadi amene mapoti ake onse amakhala pa chigawo chimodzi, monga ena a kampani ya Mellanox, ndipo kwa amenewa dalaiva anapatsidwa udindo wonena yekha nambala ya poti iliyonse. Mu 2016 kunabweranso chida cha devlink, chimene chimaonetsa kadi yonse ngati chinthu chimodzi, mapoti ake ali pansi pake.

Ena amadandaula kuti mayina atsopanowa ndi ovuta kuwaloweza, ndipo sakunama: eth0 imatuluka msanga pakamwa kusiyana ndi enp3s0f1. Koma dzina losavuta limene limasamuka usiku ndi loopsa kuposa lovuta limene limakhala pomwepo, komanso amene akufuna akale sanaletsedwe, amangolemba net.ifnames=0 poyatsa makina. Enanso amati kadi ukaisunthira pa malo ena, kapena ukawonjezera chipangizo, dzina limasinthabe. Zimenezinso n'zoona, koma kusintha kotere kumachitika munthu atatsegula bokosi ndi manja ake, ali pomwepo ndipo akudziwa chimene wachita. Kusintha kwakale kunkachitika popanda wogwira kanthu.

Dandaulo lachitatu ndilo lofunika kuliyankha bwino, lakuti izi n'za makampani akuluakulu a kunja, osati za ofesi ya pa boma pa Ntcheu, ku Lizulu kapena ku Tsangano. Zoona zake n'zosiyana. Kumene magetsi sathimathima, seva imatha miyezi osazima, ndipo mpikisano wa madalaiva suchitika kawirikawiri. Kuno magetsi akathima makina amazima, akabwera amayakanso, ndipo nthawi iliyonse ndi mwayi wina woti mayina asinthane. Onjezani kuti wodziwa kukonza nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo amathandiza pa foni kapena polowa m'makina kudzera pa netiweki yomweyo. Poti ikasochera, njira yake yolowera yatsekeka, chotsala ndi ulendo wa pa msewu wa M1. Ndipo netiweki za m'maofesi si zachilendo kwathu: kuyambira 2001 a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ogwira pa sikirini m'chipatala chachikulu cha Lilongwe, ndipo kaundula wa odwala wa pakompyuta anafalikira m'zipatala zambiri. Pamalo otere chingwe chikasokonezeka, mzere wa odwala ndiwo umatalika. Ngakhale timarauta tating'ono ta m'masitolo, tambiri timayendera Linux, ndipo OpenWrt, mtundu wa Linux wa marauta, kuyambira 2021 inayamba kuonetsa mapoti a marauta ambiri paokhapaokha, monga lan1, lan2 ndi wan.

Choncho phunziro la mbiriyi si la olemba madalaiva okha. Kompyuta tsopano imadziwa kholo la poti iliyonse, koma siingalembe pa chingwe. Ntchito imeneyo ndi ya munthu. Aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja aziphunzitsa achinyamata kuwerenga dzina la poti asanaligwiritse ntchito, ndipo aliyense woika netiweki m'sukulu, m'chipatala kapena mu ofesi amate kapepala pa chingwe chilichonse, alembepo dzina limene makina akuonetsa, n'kusiya kope kwa eni malo asananyamuke.