Gitala la Paul Ngozi labwerera ku Chainda kudzera pa foni

Mkangano unabuka Loweruka masana m'kantemba kometera tsitsi ku Chainda, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka yoyandikana ndi Avondale. Mnyamata wina yemwe ankadikira pa benchi anatsegula nyimbo pa foni yake, "Noid" ya Tyler, the Creator wa ku America, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024. Gitala litalira, mawu a Chinyanja n'kumveka, bambo wachikulire amene anali pampando nsalu ili m'khosi anatembenuka mwadzidzidzi mpaka wometa anazimitsa makina.

"Iwe mwana, ameneyo ndi Paul Ngozi. Wamutenga kuti?"

"Ayi amalume, uyu ndi wa ku America."

"Wa ku America anayamba liti kuimba Chinyanja?"

Tonse tinafa nacho chiseko, koma panalibe wonama pakati pa awiriwa. Tyler anatapa mawu ndi gitala mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya gulu la Paul Ngozi lotchedwa Ngozi Family ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Patapita zaka 47, nyimbo yobadwira m'komboni inazungulira dziko n'kudzapeza adzukulu ake asakuidziwa.

Kunyogodolana pa za nyimbo n'kwakale m'makomboni a Lusaka, ndipo kunabwera ndi wailesi. Nyumba youlutsira mawu inatsegulidwa mu mzindawu mu 1941 pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo. Chimene chinasinthadi zinthu ndi kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, komwe kanafika mu 1949 pa mtengo wa mapaundi asanu. Munthu wamba anakwanitsa kukagula, ndipo nyumba imene inali nako inkadzaza ndi anansi madzulo. Mawu amene ankatulukamo kawirikawiri anali a Alick Nkhata, muulutsi komanso woimba, pamodzi ndi Lusaka Radio Band yomwe pambuyo pake inadzatchedwa Big Gold Six. Aliyense wokwera minibasi ya ku Kalingalinga kapena Mtendere amadziwa msewu wa Alick Nkhata, ngakhale si onse anamvapo nyimbo yake ndi imodzi yomwe.

Ufulu utabwera mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo ndalama zinkayenda m'matauni. Anyamata ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones ndi James Brown, n'kuyamba kusaka magitala a magetsi. Makolo ozolowera kuimba kofatsa kwa Nkhata ankati limeneli ndi phokoso la ana osamva. Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH ku Kitwe anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa ankavina ngati Mick Jagger. Kenaka m'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwenso ankaliza gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zikhale za m'dziko muno. Lamuloli linafuna nyimbo zambiri mwamsanga, choncho kampani ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale usana ndi usiku, pamene Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankasaka magulu oti ajambule. Umu ndi mmene nyimbo za magitala a magetsizi, zotchedwa Zamrock, zinaphukira, ndi mayina ngati Rikki Ililonga, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Keith Mlevhu.

Ambiri mwa amenewa anali a ku Migodi, ndipo ankakonda kuimba Chingerezi. Wathu wa ku Lusaka anali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949, yemwe anakulira ku Chibolya. Dzina loti Ngozi linachokera ku mmene ankachitira pa siteji: akuluakulu amene anamuona amasimba kuti ankaliza gitala ndi mano, thukuta lili kamukamu, Chrissy Zebby Tembo akusasantha ng'oma kumbuyo kwake. Gitala lake linali lokhakhala, lolira ngati lata likung'ambika. Komabe ine ndimaona kuti mphamvu yake yeniyeni inali m'mawu. Ankaimba za mowa umene ukupasula mabanja, za ana osiyidwa okha, za miseche ya pa mpopi, m'Chinyanja chomwecho chimene mayi amakalipira nacho mwana pakhomo. Chimbale chake china anachitcha The Ghetto, ndipo sanachite manyazi ndi kumene anachokera. Munthu wa ku Kanyama, Chawama kapena George ankadzimva yekha pa wailesi, ndipo ichi n'chimene oimba athu a lero, odziwa ndi osadziwa omwe, anatengera kwa iye.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, mafuta anakwera, ndipo chimbale chinasanduka chinthu cha olemera pamene ufa unali kusowa. Ndege za ku Rhodesia zinayamba kuponya mabomba m'dziko muno; mu Okutobala 1978 Alick Nkhata mwiniwake anaphedwa pa chiwembu chotero kufupi ndi Mkushi. Boma linaletsa kuyenda usiku, magetsi ankazimitsidwa, ndipo magulu anasowa koimbira. Disiko inalanda malo ovinira, makaseti okopera anapha malonda a zimbale, ndipo anthu anatembenukira ku rumba ya ku Zaire ndi kalindula wa PK Chishala, Amayenge ndi Masasu. Chotsiriza chinali Edzi, yomwe inakolola oimba a m'badwo umenewo mopanda chisoni. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake.

Zotsatira zake achinyamata akuzidziwa bwino kuposa ine. Radio Phoenix inayamba mu 1996, Chisha Folotiya anatsegula Mondo Music mu 1999 n'kutipatsa JK, Shatel ndi Black Muntu, kenaka Slapdee anakweza dzina la Matero ndi rapu ya Chinyanja. Ovina kalindula nawonso anati ana awa saimba, angolankhula pamwamba pa kompyuta, kuiwala kuti iwo omwe ananenedwapo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zimbale za Zamrock anazitola ndi alendo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzidindanso cha m'ma 2010, Jagari atasiya kale siteji n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Filimu yofotokoza mbiri ya WITCH inajambulidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy ndipo inatuluka mu 2019. Mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, Jagari atadutsa zaka 70. Mwana wathu Sampa the Great anachitako mbali yake mu 2022 ndi nyimbo ya "Never Forget" yolemekeza Zamrock, koma m'modzi sangasenze denga.

M'kantemba muja, bambo aja atamaliza kumetedwa sananyamuke. Anapempha kuti nyimbo yeniyeni ya 1977 ifufuzidwe pa foni, ndipo itapezeka anatsinzina, chala chikugogoda pa bondo. Anatiuza kuti chimbalecho anali nacho, koma galamafoni itafa ana ankachiponya m'mwamba ngati mbale yoseweretsa mpaka chinasweka. Mnyamata uja sanayankhe. Anangoibwereza nyimboyo kachiwiri, wometa n'kuilumikiza ku sipika ya panja, ndipo amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anayamba kugwedeza mapewa.

Inu amene mukusunga zimbale ndi makaseti akale m'sutikesi pansi pa bedi, musazitaye ndipo musaziike padzuwa. Zipukuteni fumbi, muitane adzukulu, muwauze amene akuimbayo ndi kumene munkamuvinira. Nanunso a mawailesi a mu Lusaka, patulani ola limodzi pa sabata la nyimbo zimenezi.