Rebetiko: Nyimbo za Amtengatenga ndi Othaŵa Nkhondo ku Greece

Munthu wa dziko lina akafunsidwa za nyimbo za ku Greece, kaŵirikaŵiri chimene amakumbukira ndi kulira kwa bouzouki, choyimbira cha khosi lalitali ndi mimba yonga chipanda chong'ambidwa pakati. Lero Agiriki amachiyesa chuma cha mtundu wawo. Koma zaka zana zapitazo munthu wolemekezeka wa mu mzinda wa Athens sakadalola kuoneka atachinyamula pamsewu, pakuti chinali choyimbira cha akaidi, cha osuta chamba ndi cha amtengatenga a padoko. Nyimbo zimene zinachitulutsa m'malo oterowo zimatchedwa rebetiko, ndipo wofuna kuzimva bwino ayenera kuyamba wadziŵa anthu amene anaziyimba ndi zimene zinawagwera.

Rebetiko ndi mitsinje iŵiri imene inakumana. Woyamba unachokera m'madoko a dziko la Greece lenilenilo, makamaka Piraeus, doko la mzinda wa Athens. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amuna ambiri anasiya minda ndi zilumba zawo nadzafuna ntchito kumeneko. Ena anaipeza, ambiri anangopeza maganyu. Pakati pawo panabuka gulu la amuna otchedwa manges, amene anali ndi kayendedwe kawo, kalankhulidwe kawo ndi malamulo awoawo a ulemu. Ena a iwo ankavala jekete dzanja limodzi lokha, linalo lili lende, ndipo amasimba kuti mkulu wa apolisi wa ku Athens wa m'zaka za m'ma 1890, Dimitrios Bairaktaris, ankawadula dzanja la jekete losavalidwalo ndi kuwameta ndevu za pamlomo kuti awachititse manyazi. Amuna ameneŵa ankayimba m'ndende ndi m'tizipinda tosutiramo chamba totchedwa tekes. Chifukwa chakuti bouzouki ndi yaikulu, anali ndi mng'ono wake, baglamas, kachoyimbira kakang'ono kotha kubisika m'malaya. Nyimbo zawo sizinkalembedwa papepala. Zinkayenda pakamwa basi.

Mtsinje wachiŵiri unachokera kutsidya kwa nyanja ya Aegean, m'dziko limene tsopano ndi Turkey. M'mizinda ya Smyrna ndi Constantinople, imene lero ndi Izmir ndi Istanbul, Agiriki anakhalamo zaka mazanamazana pamodzi ndi Asilamu, Ayuda ndi anthu a mtundu wa Armenia. Oyimba a kumeneko anali amisiri ophunzitsidwa bwino. Ankayimba vayolini, outi, ndi santouri, choyimbira cha nsambo zambiri zimene amazimenya ndi timitengo tiŵiri. M'nyumba zomwera khofi akazi ankayimba poyera, ndipo nyimbo yotchuka koposa inali amanes, kulira kwa munthu mmodzi kokoka mawu motalika, kobwerezabwereza liwu lakuti aman, limene ndi mfuu yopempha chifundo.

Nkhondo ndiyo inakumanitsa mitsinje iŵiriyi. Mu 1919 asilikali a Greece anatsikira ku Smyrna naloŵa mkati mwa dziko, koma mu 1922 anagonjetsedwa, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho mbali yaikulu ya mzinda wa Smyrna inapsa ndi moto. Mu 1923, ku Lausanne, maiko aŵiriwo anapangana kusinthana anthu. Chosankhira munthu chinali chipembedzo chake, osati chilankhulo: Mkhristu wa mpingo wa Orthodox anayenera kupita ku Greece ngakhale sanali kudziŵa Chigiriki, Msilamu anayenera kupita ku Turkey. Anthu pafupifupi 1,200,000, kuŵerengera ndi amene anali atathaŵa kale, anakhazikika ku Greece, dziko limene panthaŵiyo linali ndi anthu ngati 5,000,000 okha. Asilamu pafupifupi 400,000 analoŵera kwinako. Othaŵawo anamanga zisakasa za malata ndi matabwa kuzungulira Athens ndi Piraeus, m'malo monga Kokkinia ndi Drapetsona. Eni nthaka sanawalandire ndi manja aŵiri. Ankawanyoza kuti ndi mbewu ya ku Turkey. Munthu amene dzulo anali ndi sitolo ku Smyrna anapezeka akupikisana ndi mtengatenga wa ku Piraeus pa ganyu imodzi, ndipo madzulo onse aŵiri ankamwera m'nyumba imodzi.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pamene makampani a mbale za galamafoni anayamba kujambula nyimbo ku Athens, amisiri othaŵa nkhondo aja ndiwo anali okonzeka. Panagiotis Toundas, wobadwira ku Smyrna, anakhala wopeka nyimbo ndiponso wosankha oyimba m'makampani ameneŵa. Mawu okondedwa koposa anali a akazi aŵiri, Rita Abatzi wa ku Smyrna, ndi Roza Eskenazi, Myuda wobadwira ku Constantinople amene anakulira ku Thessaloniki. Bouzouki inali idakali kunja kwa khomo. Chodabwitsa n'chakuti khomolo linatsegulidwa kuchokera ku America, kumene Agiriki ambiri anali atasamukira: mu 1932, ku New York, Ioannis Halikias anajambula nyimbo ya bouzouki yopanda mawu imene inagulidwa kwambiri itafika ku Greece, ndipo eni makampani anayamba kufunafuna wodziŵa choyimbiracho pafupi.

Amene anam'peza anali Markos Vamvakaris. Iyeyu anabadwa mu 1905 pa chilumba cha Syros, m'banja losauka la Chikatolika, m'dziko limene pafupifupi aliyense ndi wa Orthodox. Anafika ku Piraeus ali mnyamata, nagwira ntchito yosenza malasha padoko, kenaka yosenda zikopa m'nyumba yophera ng'ombe. Bouzouki anaiphunzira m'ma tekes, osati kusukulu. Mawu ake anali okhakhala, olemera, opanda zokometsera zilizonse, kotero kuti womva koyamba angaganize kuti munthuyo akungolankhula. M'menemo ndimo muli mphamvu yake. Sachonderera womvera kuti amumvere chisoni. Amangonena kuti mkazi wam'thaŵa, kuti ndalama zatha, kuti apolisi abwera, nsambo zikugunda pansi pake mosafulumira ngati mapazi a munthu wosenza katundu. Mu 1934 anapanga gulu la anthu anayi pamodzi ndi Giorgos Batis, Stratos Pagioumtzis ndi Anestis Delias. Aŵiri omalizaŵa anali ana a kutsidya kuja, wina wa ku Ayvalik, wina wa ku Smyrna, ndipo m'gulu limeneli mitsinje iŵiri ija inali itasanganikirana kale. Nyimbo ya Vamvakaris ya mu 1935 yotchedwa Frangosyriani, yonena za mtsikana wa Chikatolika wa kwawo ku Syros, imayimbidwabe paliponse pamene Agiriki asonkhana.

Womvera wachilendo ayenera kutchera khutu ku zinthu zingapo. Nyimbo zambiri zimayamba ndi taximi, pamene woyimba bouzouki amayendayenda yekha pa nsambo popanda kugunda kokhazikika, ngati munthu woyesa madzi asanaoloke. Sakungoseŵera ayi, akusonyeza njira imene nyimboyo idzatsata. Agiriki amazitchadi dromoi, ndiko kuti misewu, ndipo maina ake, monga Hitzaz ndi Ousak, ndi ochokera ku nyimbo za ku Turkey ndi za Aluya. Msewu uliwonse uli ndi makwerero ake a mawu ndi mtima wake. Taximi ikatha, pamabwera kugunda kwa gule. Hasapiko, amene dzina lake limachokera ku liwu lotanthauza opha nyama, amavinidwa ndi anthu aŵiri kapena atatu atagwirana mapeŵa, mapazi akuyendera pamodzi. Koma gule weniweni wa rebetiko ndi zeibekiko, wa kugunda kasanu ndi kanayi. Khutu lozoloŵera kuŵerenga kanayikanayi limaona ngati nyimboyo yapunthwa pamapeto pa mzere uliwonse, ndipo kupunthwako ndiko kukoma kwake. Mwa mwambo wakale amavina mwamuna mmodzi yekha, ataŵerama, manja atatambasula, maso ali pansi, popanda mapazi oikika. Anzake amagwada mom'zungulira akuomba m'manja. Kudzuka ndi kuloŵerera gule wa mnzako kunali chipongwe chotha kutulutsa mipeni.

Nyengo imeneyi sinakhalitse. Mu Ogasiti 1936 Ioannis Metaxas anatenga boma nayamba kulamulira mwankhanza, ndipo pofika 1937 nyimbo iliyonse inayenera kupimidwa ndi bungwe la boma isanajambulidwe. Zonena za chamba ndi za ma tekes zinaletsedwa. Analetsanso amanes, poti inkamveka ya Kum'maŵa kwambiri, pamene olamulira ankafuna kuti Greece aoneke dziko la ku Ulaya. Apa pali choseketsa chomvetsanso chisoni: ku Turkey nakonso, kuyambira 1934 mpaka 1936, boma linachotsa pa wailesi nyimbo zakale za dzikolo pa chifukwa chomwecho. Maiko aŵiri odana anagwirizana pa chinthu chimodzi, kuchita manyazi ndi nyimbo zimene anthu awo anali nazo pamodzi. Oyimba ambiri anagonja nasintha mawu. Vangelis Papazoglou, mmodzi wa opeka aluso a ku Smyrna, anakana kupereka nyimbo zake kwa opimawo, nasiya kujambula, ndipo anamwalira ali mphaŵi mu 1943.

M'mpata umenewu ndimo munaloŵa Vassilis Tsitsanis. Anabadwira ku Trikala mu 1915, ndipo anabwera ku Athens kuti adzaphunzire zamalamulo, koma bouzouki inam'tenga. Sanali wa padoko kapena wa m'ndende. Nyimbo zake zinali za chikondi, za ulendo, za mayi woyembekeza mwana wake, ndipo anazipeka moyandikira makwerero a mawu a ku Ulaya, anthu aŵiri kapena atatu akuyimba mogwirizana. Chimene boma linafuna mwa lamulo, iye anachichita mwa luso, ndipo rebetiko inayamba kuloŵa m'nyumba zimene kale zinkaitsekera kunja. Ena amati anaipulumutsa, ena amati anaiŵeta. Onse aŵiri akunena zoona, ngakhale kuti wonena kuti anaiŵeta ayenera kuvomera kuti nyimbo zoŵetedwazo n'zokoma kwambiri.

Kuyambira 1941 mpaka 1944 dziko linali m'manja mwa asilikali a Germany, Italy ndi Bulgaria. Njala ya m'nyengo yozizira ya 1941 ndi 1942 inapha anthu zikwizikwi ku Athens ndi Piraeus, ndipo kujambula nyimbo kunaima mpaka 1946. Toundas anamwalira mu 1942. Delias anafa mu 1944, atagwidwa ukapolo ndi mankhwala a heroin amene iye mwini anali atawayimbapo kale m'nyimbo. Nkhondo yaikulu itatha panabuka ya pachiŵeniŵeni, kuyambira 1946 mpaka 1949. Mkati mwa imeneyi, mu 1948, Tsitsanis anajambula Synnefiasmeni Kyriaki, ndiko kuti Lamulungu la mitambo. Simutchulidwa nkhondo kapena chipani, koma aliyense anamva chimene inkanena. Pa zaka zimenezi iye anayimba ndi akazi aŵiri a mawu osaiŵalika, Sotiria Bellou ndi Marika Ninou.

Ophunzira anali akuinyozabe. A ku dzanja lamanja ankati ndi nyimbo za zigaŵenga. Ambiri a chipani cha Komyunizimu ankati zimagonetsa antchito m'malo mowadzutsa. Mu Januwale 1949 mnyamata wopeka nyimbo wa zaka 23, Manos Hadjidakis, anakamba nkhani m'nyumba ya zisudzo ku Athens, nanena poyera kuti rebetiko ndi luso lenileni la Agiriki, ndipo anaitana Vamvakaris ndi Bellou kuti ayimbe pamaso pa anthu apamwambawo. Ambiri anakhumudwa, koma mawuwo sanabwezedwe.

Ulemu utabwera unadza ndi mtengo wake. M'zaka za m'ma 1950 Manolis Chiotis anatchukitsa bouzouki ya nsambo zinayi ziŵiriziŵiri m'malo mwa zitatu, yotha kuyimbidwa mwaliŵiro ngati gitala, ndipo inalumikizidwa ku magetsi. Nyimbo zinasamukira m'nyumba zazikulu zachisangalalo, kumene olemera ankaswa mbale posonyeza chuma. Vamvakaris, atadwala nyamakazi m'manja, anatsala pang'ono kuiŵalika. Mu 1960 Mikis Theodorakis anaika bouzouki ya Chiotis pansi pa ndakatulo za Yannis Ritsos, ndipo chaka chomwecho kanema wa Never on Sunday, wa nyimbo za Hadjidakis, anaifikitsa ku maiko onse. Gule wa sirtaki, amene alendo ambiri amamuyesa wamakolo, anakonzedwera kanema wa Zorba the Greek wa mu 1964. Rebetiko ndi msuweni wake chabe.

Achinyamata a m'mayunivesite ndiwo anabwerera kukafuna nkhalamba zija. Mu 1968, pansi pa boma la asilikali limene linalamulira kuyambira 1967 mpaka 1974, Elias Petropoulos anasindikiza buku lalikulu la mawu a nyimbozi ndi mbiri yake, ndipo anam'tsekera m'ndende miyezi isanu. Vamvakaris anamwalira mu 1972 ataona anthu akum'funanso. Boma la asilikali litagwa, mbale zakale zinajambulidwanso, kuphatikizapo zoletsedwa zija, ndipo magulu atsopano anabwerera ku bouzouki ya nsambo zitatu ndi baglamas, akuyimba atakhala pamipando mumzere monga ankachitira a ku Piraeus. Kanema wa Costas Ferris wotchedwa Rembetiko anatuluka mu 1983 napata mphotho ku Berlin chaka chotsatira, chaka chimene Tsitsanis anamwalira m'chipatala ku London. Mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba rebetiko pa mndandanda wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a dziko lonse lapansi. Ku Ano Syros kuli nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu za Vamvakaris. Ku Trikala nyumba yokumbukira Tsitsanis anaiika m'ndende yakale ya mzindawo.