Kolmanskop

Kolmanskop ndi bwinja la tauni ya migodi m'chipululu cha Namib, kumwera kwa dziko la Namibia, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku doko la Lüderitz. Masiku ano malowa amadziwika ndi zithunzi za m'kati mwa nyumba zake, momwe mchenga unalowa n'kudzaza zipinda.

Mbiri

M'chaka cha 1908, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani, wantchito wa panjanji dzina lake Zacharias Lewala anatola mwala wonyezimira n'kukaonetsa bwana wake, August Stauch. Mwalawo unali dayamondi. Posakhalitsa boma linatseka dera lonselo n'kulitcha Sperrgebiet, kutanthauza malo oletsedwa. Tauni inamera pakati pa mchenga, yokhala ndi chipatala, sukulu, holo yovinira, fakitale ya ayezi ndi makina a X-ray. Mu 1928 dayamondi wochuluka anapezeka cha kumwera, kufupi ndi mtsinje wa Orange, ndipo anthu anayamba kusamuka. Pofika 1956 panalibenso wokhalapo.

Kujambula m'nyumbazi

Popeza kulibe mvula yambiri, utoto ndi mapepala amaluwamaluwa a m'makoma sizinaole. Ichi ndicho chimakoka ojambula: khoma labuluu kapena lobiriwira lili chilili, koma chitseko chinakwiririka mpaka pakati, ndipo bafa lili pamwamba pa mulu wa mchenga. M'zipinda zina munthu amalowa chokwawa.

Vuto lalikulu ndi kuwala. Kunja dzuwa limathobwa m'maso pomwe m'kati muli mdima, ndiye kamera ikaona bwino khoma, zenera limangoyera mbuu. Ambiri amaimika kamera pa chitsulo cha miyendo itatu, n'kujambula malo amodzi kangapo ndi kuwala kosiyana, kenako n'kuphatikiza zithunzizo pakompyuta. Amalawirira m'mamawa, dzuwa likamalowa chopendeka kudzera m'mipata ya denga, alendo asanapondeponde mizere imene mphepo yalemba pamchenga usiku. Masana mphepo imakula, ndipo mchenga ukalowa mu kamera umakanda magalasi. Kulowa kumafuna chilolezo, ndipo pali china chapadera cha ojambula chowalola kukhalamo kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa.

Helga Kohl, wojambula wa ku Namibia, anatchuka ndi zithunzi za zipindazi. Chithunzi cha pachikuto cha chimbale cha Tame Impala, The Slow Rush, cha mu 2020, chinajambulidwanso komweko.

Zimene zithunzi sizionetsa

Zithunzi zambiri ndi za nyumba za mabwana, chifukwa ndizo zinali zokongola. Amene ankakwawa pamchenga kutola dayamondiyo anali anthu akuda olembedwa pa kontirakiti, ambiri a iwo Aovambo ochokera kumpoto, ndipo ankagona mothithikana m'makomboni. Makina a X-ray aja, kuwonjezera pa kuunika odwala, ankaunikiranso antchito oganiziridwa kuti ameza dayamondi. Pafupi pomwepo, pa Shark Island ku Lüderitz, Ajeremani anatsekerapo Aherero ndi Anama kuyambira 1905 mpaka 1907, ndipo ambiri anafera pomwepo, dayamondi woyamba uja atatsala chaka chimodzi kuti atoledwe.