Miyandamiyanda: kodi mwanda umodzi ndi zingati?

Abale anga a kuno ku Mulanje, ndi inu muli ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Joni, lero ndabwera ndi mawu amodzi basi: miyandamiyanda. Timawamva pa wailesi, pa maliro a mfumu, pa misonkhano ya ndale. Namondwe Freddy atatigumulira nyumba mu Malichi 2023, kuno ndi ku Phalombe, tonse tinkati anthu miyandamiyanda asowa pogona. Koma funsani mwana wa sukulu kuti mwanda umodzi ndi zingati, angokuyang'anani.

Taonani mmene mawu athu amayendera. Mwala, miyala. Mwezi, miyezi. Mwambo, miyambo. Ndiye kuti miyanda nayonso ili ndi umodzi wake, mwanda. Ndipo ife tikafuna kukuza chinthu timabwereza: magulumagulu, mazanamazana, zikwizikwi. Miyandamiyanda inapangidwa chimodzimodzi. Chodabwitsa nchakuti zana ndi chikwi tikuzidziwabe, koma mwanda pawokha simudzaumva pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli.

Yankho lili kwa anansi athu a ku Zambia. Amene makolo anu anagwira ntchito ku migodi ya Kitwe mukhoza kundichitira umboni. M'Chibemba umwanda ndi 100, ndipo akachuluka amati imyanda. Atonga a kumwera kwa Zambia amati mwaanda, Alozi amati mwanda, nambala yake yomweyo. Choncho mawu amene kwa ife amangotanthauza unyinji wosawerengeka, kwa anzathuwo ndi nambala yeniyeni yowerengera ng'ombe ndi ndalama mpaka lero.

Nanga tinagawana bwanji mawu amodzi ndi anthu akutali chonchi? Mbiri ya makolo imati Amaravi anachokera ku Uluba, m'dziko la Congo, nadzakhazikika ku Mankhamba pansi pa Kalonga. Amang'anja, amene anali kuno Alhomwe asanayambe kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1890, ndi nthambi ya Amaravi omwewo. Abemba nawonso amati anachokera ku Kola, mbali yomweyo ya Congo. Ine ndimaona kuti mwanda ndi katundu wakalekale wa banja limodzi. Ena anasunga nambala yake, ife tinatsala ndi kukula kwake kokha.

Chikwi chinachita mwayi. Chinalowa m'Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, ndiye aliyense wopita ku tchalitchi amadziwa nkhani ya anthu zikwi zisanu. Ku Chiswahili mawu akale oti kikwi anakankhidwa ndi elfu wa Aluya. Ifenso tikupita komweko: pogulitsa nandolo kapena polandira malipiro a ku esiteti ya tiyi, zonse ndi handiredi, sauzande, miliyoni.

Tsono wina asamakunamizeni kuti makolo athu ankalekeza kuwerenga pa zala za m'manja. Anali ndi khumi, zana, chikwi, ndiponso mwanda. Ndipo wandale akadzaimirira pabwalo nkunena kuti athandiza alimi miyandamiyanda ndi feteleza, kwezani dzanja mwaulemu mufunse kuti, "Bwana, miyanda ingati?" Pajatu mawuwa ali ndi nambala m'kati mwake.

Amene muli ndi agogo m'nyumba, kaya ndi Amang'anja, Alhomwe kapena Ayao, afunseni madzulo ano mmene ankawerengera zochuluka, mudzatiuze.