Tsiku limene chaka chinalembedwa 19100

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndakutengerani mbiri ya manambala awiri okha.

Mukatsegula kope langa la ngongole kumsika mupeza ndalemba 12/3/24. Chaka sindilemba chonse, nthawi ndingaipeze kuti makasitomala ataima? Akatswiri a makompyuta a m'ma 1960 nawonso ankadula chaka chonchi, koma iwo sikunali kufulumira. Malo osungira zinthu mu kompyuta anali odula zedi, ndipo khadi lobowola la IBM limene ankalowetsera zinthu linkakwana zilembo 80 basi. Ndiye 1965 ankangosunga 65. Mmodzi wa iwo, Bob Bemer, anachenjeza poyera mu 1971 kuti njirayi idzawatembenukira. Ambiri ankaganiza kuti pofika 2000 mapulogalamuwo adzakhala atatayidwa kalekale. Sanatayidwe. Mabanki ndi maboma anangopitiriza nawo.

Vuto lake mwaliona? Wobadwa mu 65, chaka cha 99 kompyuta ichotsera n'kupeza zaka 34. Chaka cha 00 nanga ipeza zingati? Ili ndi lija analitcha Y2K.

Koma pamene pamanditengera mtima ine ndi apa. Zinenero zina zolembera mapulogalamu, monga C ndi Perl, zimapereka chaka ngati zaka zimene zadutsa kuchokera mu 1900. Wolemba pulogalamu amayenera kuwonkhetsa nambalayo ndi 1900. Ena, kaya ndi ulesi kaya kusadziwa, ankangolemba 19 ngati mawu, n'kumata nambala ija pambuyo pake. Kwa zaka zambiri palibe anazindikira, poti 19 ndi 99 zikamatana zimaonekadi 1999. Pa 1 Januwale 2000 nambala ija inafika 100, masamba ambiri a pa intaneti n'kulemba kuti tili mu 19100. Ngakhale tsamba la US Naval Observatory, amene amasunga nthawi ya dziko la America, linachita zomwezo. Zili ngati ndikugulitseni tomato wa K500 ndi anyezi wa K300, kenako ndikuuzeni kuti mulipire K500300. Simungandikuwize msika wonse?

Sizinali zoseketsa zokhazokha ayi. Ku Sheffield, ku England, amayi oyembekezera 154 anapatsidwa zotsatira zolakwika pa kuyeza kwa Down's syndrome chifukwa kompyuta inasokoneza zaka zawo.

Mudzamva ena akuti Y2K linali bodza poti ndege sizinagwe. Ine ndimakana. Sizinagwe chifukwa anthu anakhala zaka akusanthula mapulogalamu akale mzere ndi mzere, ndipo akuti dziko lonse linawononga madola pafupifupi 300 biliyoni. Kungoti ena anangoika chigamba: anauza kompyuta kuti manambala ang'onoang'ono, 00 mpaka cha m'ma 20, iziwatenga ngati a m'ma 2000. Chigambacho chinali ndi malire ake.