Makande ndi ngalande za m'sikimu

Abale akumudzi ndi inu a m'tauni, khoma la ngalande likagwa timathamangira kunena kuti omanga anaba simenti. Zimachitika ndithu, koma ine ndikuti tiyambe taona dothi.

Masikimu a mpunga a m'chigwa cha Chilwa, monga Likangala ndi Domasi, anatsegulidwa nthawi ya Kamuzu. Ngalande zambiri zinali zongokumba, zina n'kudzamangidwa ndi simenti pambuyo pake. Koma pansi pake ndi makande omwe aja. M'chilimwe amauma, amang'aluka, n'kutalikana ndi khoma. Mvula ikagwa madzi amalowa m'ming'alumo, dothi limafufuma n'kukankha khoma chakumbuyo. Zaka makumi zapita choncho. Freddy mu 2023 anangogwetsa zotopa kale.

Ndiye musanatumize ndalama yokonzera, funsani. Khoma lapendekera m'kati mwa ngalande? Likukankhidwa, madzi akusowa potulukira. Mukagogoda likumveka mphako? Dothi linakokoloka kuseri. Laphwanyika ngati chigumu m'manja? Pamenepo ndiye simenti inachepa.

Tikamanganso tithire miyala ndi mchenga kuseri, tisiyenso timabowo totulukira madzi. Kupanda apo, chaka chamawa tidzasonkhanso.